Wojambula zithunzi saweruka ukwati ukatha

Perekaniperekani akatha, mipando ikamakwezedwa pa lole, anthu amayesa kuti wojambula zithunzi waweruka. Komatu apa m'pamene pamayambira ntchito yomwe ingamumangire dzina kapena kumugwetsa. Zonse zomwe wajambula tsikulo, kuyambira kusaluni kwa mkwatibwi, kutchalitchi mpaka kuholo, zimakhala pa memori khadi yaing'ono ngati sitampa ya pa kalata. Zisanafike mu laputopu, zithunzizo zili malo amodzi okha pa dziko lonse, ndipo ukwati subwerezedwa.

Anthu a ntchitoyi alipo a mitundumitundu. Ena ali ndi masitudiyo ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku ndi tizithunzi ta pa ziphaso. Ena amadalira Loweruka: maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo. Palinso aja othamanga omwe mumawaona pa mwambo wopereka madigiri ku Great Hall ku Zomba. Amajambula aliyense wovala gauni, n'kuthamangira kukatsuka, ndipo mwambo ukamatha mumapeza zithunzi zitayalidwa panja, makolo akuwerama kufunafuna nkhope ya mwana wawo. Akuluakulu amakumbukira wojambula wa pa njinga, yemwe ankayenda mudzi ndi mudzi ndi filimu ya zithunzi 36. Ankadikira kuti filimu ithe, kenaka n'kupita nayo kutauni. Nthawi zina ankabwerako ndi mawu awiri okha: chithunzi chinapsa.

Kamera ya digito inabadwa ndi vuto lakelake la kusamutsa zithunzi. Yoyamba inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, katswiri wa ku kampani ya Kodak ku America, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi pa kaseti. Kuti uchione, unkafunika makina ena ochionetsa pa kanema. Khadi ya SD, yomwe ojambula ambiri amagwiritsa ntchito lero, inalengezedwa mu 1999 ndi makampani a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba. Pofika mu 2012 Kodak yemweyo, mwini wake wa filimu, anakadzipereka kukhoti kuti ngongole zamukulira. Filimu inapita, koma negetivu inali ndi ubwino umodzi: inkagwirika m'manja n'kusungidwa m'envulopu. Lero wojambula ayenera kudzipangira yekha chosungira chake.

Muoneni wojambula wodziwa ntchito akafika kunyumba usiku. Amayamba wazimitsa kamera, kenaka n'kutulutsa khadi. M'mbali mwa khadi ya SD muli kabatani kotsetsereka. Amakatsitsa kuti kompyuta ingowerenga, isalembepo kanthu kapena kufufuta. Ambiri sakonda kulumikiza kamera ndi chingwe cha USB, chifukwa batire lomwe lagwira ntchito tsiku lonse likhoza kutha zithunzi zili pakati pa ulendo. Amalowetsa khadi pa bowo la laputopu, kapena mu card reader ngati laputopuyo ilibe bowolo. Amatsegula foda yotchedwa DCIM, momwe pafupifupi kamera iliyonse imaika zithunzi zake. Mu laputopu amapanga foda yatsopano, dzina lake n'kuyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka dzina la mwambo. Izi si zongokongoletsa. Kamera imapatsa zithunzi manambala, ndipo ikafika pa 9999 imayambiranso pa 0001. Wothira maukwati awiri mu foda imodzi akhoza kuvomera funso la kompyuta asanaliwerenge, chithunzi cha banja lina n'kufafaniza cha banja lina.

Ndiye amakopera, sadula. Kudula kumachotsa zithunzi pa khadi pamene zikusamuka, ndipo china chake chikasokonekera pakati sudziwa kuti chafika n'chiti, chatayika n'chiti. Akatha amawerenga: ngati khadi ikunena zithunzi zakutizakuti, laputopu nayo inene chimodzimodzi. Amatsegula zingapo, zakumayambiriro, zapakati ndi zakumapeto. Kenaka amakoperanso zonse pa hard disk ina yapadera. Pokhapo m'pamene amabwezera khadi mu kamera n'kuifomata momwemo, osati pa kompyuta. Ine ndimaona kuti ola limeneli ndilo limasiyanitsa mmisiri ndi munthu wongokhala ndi kamera yodula.

Nthawi yake si yochepa. Ojambula maukwati ambiri amajambula mu RAW, mtundu womwe umasunga zonse zomwe kamera yaona kuti diresi loyera ndi suti yakuda zidzakonzeke bwino pa kompyuta. Pa kamera ya mamegapikiselo 24, chithunzi chimodzi chotere chimakhala cha ma MB 25 kapena kuposa, pomwe cha JPEG chimachepa kangapo. Ukwati umodzi ukhoza kudzaza khadi ya 32 GB dzuwa lisanalowe. Apa nkhani ya magetsi imalowerera. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunakhala kwa maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Kompyuta ya pa tebulo imazima pomwepo magetsi akathima. Laputopu imapitiriza ndi batire lake. N'chifukwa chake wojambula wa kuno amafunsa za batire asanafunse za china chilichonse pogula laputopu yakale pamsika.

Adani ena ndi awiri. Woyamba ndi khadi yachinyengo: yalembedwa 64 GB pomwe mkati mwake ndi yaing'ono, ndipo ikadzaza imapitiriza kulandira zithunzi zomwe sizidzatsegulika. Wachiwiri ndi vayirasi wa m'makompyuta a kotsukira zithunzi, yemwe amabisa mafoda n'kusiya tizizindikiro topanda kanthu. Wochenjera sapita ndi khadi ya mu kamera kumalo otere, amatengera fulashi yokhala ndi zithunzi zoti zitsukidwe zokha. Zithunzi zikafufutika mwangozi, chachikulu n'kusiya kujambulira pa khadiyo nthawi yomweyo. Mapulogalamu monga PhotoRec ndi Recuva amatha kubweza zambiri malinga ngati zatsopano sizinalembedwe pamwamba pake.

Kawirikawiri ntchito yonseyi amapatsidwa wophunzira, mnyamata kapena mtsikana yemwe wanyamula chikwama ndi magetsi a kamera tsiku lonse. Izi zimandidetsa nkhawa. Wotopa kwambiri ndi wolipidwa pang'ono kwambiri ndiye amagwira gawo lomwe kulakwitsa kwake sikubwezeka. Bwana wabwino amakhala naye pambali miyezi yoyamba, kumuonetsa chala ndi chala, ndipo amamulipira maola a usikuwo.

Makasitomala nawo amapanikiza. Foni imalira usiku womwewo: achimwene, tatumizaniko ziwiri zokha tiike pa Facebook. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo, ndiye chimaoneka bwino pa foni koma chikatsukidwa chachikulu chimabalalika. Wojambula wosamala amatumiza ngati document, kapena amapereka zonse pa fulashi. Patapita zaka, banja lomwelo limabweranso kudzafuna chithunzi cha agogo cha pa ukwati uja kuti chiikidwe pa pulogalamu ya maliro. Ma hard disk amagulidwa ndi ndalama ndipo nawonso amafa, kotero palibe wojambula angasunge zonse mpaka kalekale kwaulere. Komiti ya ukwati ikamakambirana naye mtengo, imufunsenso kuti zithunzi adzazisunga malo angati, kwa zaka zingati, ndipo yankho lakelo lilembedwe pa pepala lomwelo la mgwirizano.