Musanadinde Chala, Funsani Kumene Mwana Akupita

Inu makolo a kumudzi, tamverani. Kwathu kuno mwana wamasiye akakaleredwa kwa amalume kapena kwa agogo, akhalabe wa pamtundu pake. Koma kupereka mwana kwa mlendo wa kunja pa bwalo la milandu ndi kanthu kena. Woweruza akangovomereza, mphamvu zanu pa mwanayo zatha, ndipo simungathe kumuitanitsanso.

Ku Ethiopia makolo ena anadinda chala poyesa kuti ana angopita kukaphunzira nadzabwera. Madandaulo atachuluka, Boma lakumeneko linaletsa alendo kutenga ana mu 2018. Kuno mukumbukira woimba uja Madonna, amene anatenga mwana ku Mchinji mu 2006, atate ake a mwanayo ali moyo.

Pangano la maiko a Africa la 1990 linena kuti mwana apite kunja pokhapokha atasowa womlera bwino m'dziko lakwawo. Njala ya February iwawa, tidziwa, koma itha pokolola, chikalatacho sichitha. Wina akadza nacho, pitani nacho kwa a zachisamaliro cha anthu pa Boma, akuwerengereni m'chinenero chanu.