Vuto la Zilembo Zofufutika Pokonza Imelo

Kawirikawiri alembi, akonzi ndi aphunzitsi amadandaula kuti akamakonza kalata ya imelo pa kompyuta, zilembo zimene adalemba kale zimasowa chimodzichimodzi. Munthu amabwerera pakati pa chiganizo kuti awonjezere chilembo chimene adaiwala, koma chatsopanocho chikangolowa, chinzake chotsatira chimafufutika. Ena amaganiza kuti makina awonongeka kapena agwidwa ndi vayirasi. Zoona zake n'zakuti makinawo ali bwinobwino. Chimene chasintha ndi njira yolandirira zilembo, ndipo kuibwezera m'chimake sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Njira ziwiri zolandirira zilembo

Mapulogalamu ambiri olembera ali ndi njira ziwiri. M'Chingerezi yoyamba imatchedwa insert, yachiwiri overtype kapena overwrite. M'nkhani ino yoyamba tiitcha kulowetsa, yachiwiri tiitcha kulemba pamwamba. Polowetsa, chilembo chatsopano chimakankhira zinzake kudzanja lamanja n'kudzipezera malo. Polemba pamwamba, chilembo chatsopano chimalanda malo a chilembo chomwe chili kutsogolo kwa kamzere kophethira kamene kamasonyeza pomwe munthu akulemba. N'chifukwa chake vutoli silioneka polemba kumapeto kwa ndime, poti kumeneko kulibe chilembo choti chifufutike. Limatulukira pa nthawi yokonza zolakwa, nthawi imene mlembi akudalira kuti ntchito yake ikuwongoka.

Tiyeni tione zitsanzo zitatu.

(a) Mlembi walemba kuti "Ana amwa pala" ndipo afuna kuika h pambuyo pa p. Polowetsa apeza "phala", koma polemba pamwamba apeza "phla", liwu lomwe mulibe m'Chichewa.

(b) Mlembi walemba kuti "Mawa ndibwera" kenaka waganiza zokana, naika si patsogolo pa mneni. M'malo mwa "Mawa sindibwera" apeza "Mawa siibwera". Chiganizochi chilibe cholakwa cha galamala, koma wolandira kalata adzafunsa kuti chimene sichibwera n'chiyani, galimoto kodi kapena mvula.

(c) Mkonzi afuna kusintha malipiro a mlembi kuchoka pa K5,000 kufika pa K15,000. Akaika 1 pambuyo pa K ali m'njira yolemba pamwamba, kalatayo idzapita ikunena K1,000.

Cholakwa cha chitsanzo choyamba chimaoneka msanga, koma zinazo zimabisala. Komanso ngati pulogalamu yatcheredwa kuti iziyang'ana kalembedwe ka Chingerezi, imajambula mzere wofiira kunsi kwa mawu ambiri a Chichewa, olondola ndi olakwika omwe, motero mzerewo suthandiza mlembi. Kumbukiraninso kuti imelo ikapita, kuibweza n'kovuta.

Chiyambi chake

Kulemba pamwamba kudachokera ku makina akale ogwiritsidwa ntchito podzaza mafomu, monga IBM 3270 amene adatuluka m'chaka cha 1971. Pa makina amenewa liwu lililonse lidali ndi malo ake oyezeka, choncho kunali kwanzeru kulemba pamwamba pa cholakwa kusiyana ndi kukankha mzere wonse. Kiyibodi ya kompyuta ya IBM ya mu 1981 idali ndi batani la Ins pamodzi ndi nambala 0. Patapita zaka zochepa, kampani yomweyo idatulutsa kiyibodi ya mabatani 101, imene idaika batani la Insert palokha kudzanja lamanja kwa Backspace. Makiyibodi ambiri akutsatabe dongosolo limeneli. Apa ndiye pagona gwero la vuto: chala chofuna kufufuta chimaterereka pang'ono n'kukhudza Insert, mwini wake osadziwa.

Kakonzedwe kake

Choyamba, lekani kutayipa mukangoona kuti zilembo zikusowa. Dinani Ctrl pamodzi ndi Z, kamodzi kapena kangapo, mpaka mawu otayika abwerere.

Chachiwiri, dinani kamodzi batani lolembedwa Insert kapena Ins. Batani limeneli limatsegula ndi kutseka lokha, choncho mukalidina kawiri mubwerera pomwe mudali. Yesani chilembo chimodzi pakati pa liwu kuti mutsimikize.

Chachitatu, ngati kiyibodi yanu ili ndi chigawo cha manambala kudzanja lamanja, dziwani kuti batani la 0 limagwira ntchito ya Insert pamene Num Lock yazimitsidwa. Munthu wolemba manambala angathe kuyambitsa vutoli m'njira imeneyi. Yatsani Num Lock mukamaliza kukonza.

Chachinayi, pa malaputopu ambiri Insert amakhalira limodzi ndi ntchito ina pa batani limodzi, ndipo pamafunika kudina Fn pamodzi nalo. Batanilo likasowa kapena likafa, ogwiritsa ntchito Windows angatsegule kiyibodi ya pasikirini yotchedwa On-Screen Keyboard n'kudina Insert pamenepo.

Chachisanu, amene amalemba m'pulogalamu ya Outlook yakale ya pa kompyuta apite pa File, kenaka Options, Mail, Editor Options ndi Advanced. Pamenepo pali timabokosi tiwiri: Use overtype mode ndi Use the Insert key to control overtype mode. Mukachotsa chizindikiro m'timabokosi tonse tiwiri, batani la Insert silidzasokonezanso. Amene amayamba alemba kalata mu Word asanaitumize adzapeza timabokosi tomweti pa File, Options, Advanced. Kuyambira pa Word 2007 batanili limabwera lili lotsekedwa kale, pokhapokha wina atalitsegula. Mu Word 2003 chizindikiro cha vutoli chidali zilembo OVR kunsi kwa sikirini. Mu LibreOffice Writer, kunsi komweko kumaoneka liwu loti Overwrite, ndipo kamzere kophethira kaja kamanenepa n'kuphimba chilembo chonse.

Vuto lina lofanana nalo

Nthawi zina liwu lonse kapena ndime yathunthu imasowa pa kamodzi. Limeneli si vuto la Insert ayi. Chimachitika n'chakuti mawu asankhidwa mwangozi, makamaka chikhato chikakhudza kabwalo kosunthira kalozera pa laputopu, ndipo chilembo choyamba kutayipidwa chimalowa m'malo mwa mawu onse osankhidwawo. Mankhwala ake ndi Ctrl ndi Z yomweyo. Kusiyana kwake n'kosavuta: kulemba pamwamba kumachotsa chilembo chimodzi pa chilembo chilichonse cholembedwa, pamene mawu osankhidwa amapita onse nthawi imodzi.

Za matchulidwe

Pophunzitsa kapena polemba malangizo, n'kofunika kusiyanitsa aneni atatu awa: kulowetsa, kutanthauza kuika chilembo pakati pa zinzake popanda kuchotsa chilichonse, kulemba pamwamba, kutanthauza kuika chilembo m'malo mwa chinzake, ndi kufufuta, kutanthauza kuchotsa popanda kuikapo china. Mayina olembedwa pa mabatani, monga Insert ndi Num Lock, ndi bwino kuwasiya momwe alili, chifukwa wophunzira ayenera kuwapeza ndi maso ake pa kiyibodi. Koma ntchito ya batani ifotokozedwe m'Chichewa. Mphunzitsi anganene kuti, "Dinani batani la Insert kuti muleke kulemba pamwamba."

Pomaliza, tikupempha alembi ndi akonzi kuti akakonza chiganizo aziwerenganso mzere wonse, osati liwu lokonzedwalo lokha, makamaka pomwe pali manambala, masiku ndi aneni okana. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Werengani kaye, kenaka tumizani.