Kodi mowa wothira mu ndiwo umatha ukaphikidwa?

Ku China ndi ku Taiwan, mayi akabereka amabindikira m'nyumba mwezi wathunthu, ngati chikuta chathu chija koma chotalikirapo. Chakudya chotchuka pa nthawiyi ndi nkhuku yophika ndi mowa wa mpunga. Amakazinga jinja m'mafuta a chitowe, n'kuponyamo nthuli za nkhuku, ndipo zikafiira amathira mowawo, ena mpaka osawonjezera madzi. Amati msuziwo umabwezera magazi komanso kuchulukitsa mkaka.

Maganizo oterewa ife si achilendo. M'midzi ya ku Malomo ku Ntchisi mpaka kumapiri a Dowa, alipo achikulire amene amalangiza mayi woyamwitsa kuti alaweko masese kuti mawere adzaze.

Ophika nkhuku ija amadzikhululukira kuti moto umathamangitsa mowa. Umathamangitsadi, koma osati wonse. Akatswiri a ku America atayeza zimenezi mu 1992 anapeza kuti chakudya chikabwata mphindi 15, mowa wotsala umakhala 40 peresenti ya umene unathiridwa. Pakatha ola umatsala 25 peresenti, ndipo ngakhale patapita maola awiri ndi theka umapezekabe 5 peresenti. Kuyatsa mowa pamwamba pa poto, monga amachitira pa TV, n'kungosangalatsa maso, chifukwa 75 peresenti imatsalira momwemo.

Nanga kwa mwana? Mowa umene uli m'magazi a mayi umalowanso mu mkaka pa mlingo wofanana, ndipo umachuluka kwambiri pakapita mphindi 30 mpaka 60. Chiwindi cha khanda sichinakhwime, choncho chimachedwa kuuchotsa. Choipa china n'chakuti mowa umafooketsa oxytocin, homoni imene imafinya mkaka kuti utuluke m'bere. Bere limamveka lolemera, agogo n'kumati mankhwala agwira, pamene mkakawo wangokanirira mkati. Kafukufuku wa Julie Mennella ndi Gary Beauchamp mu 1991 anaonetsa kuti makanda amayamwa mkaka wochepa ndi pafupifupi 20 peresenti m'maola otsatira mayi akamwa mowa. Kufinya mkaka n'kutaya sikuthandiza. Mowa umachoka mu mkaka pokhapokha ukachoka m'magazi.

Nkhukuyo ilibe mlandu. Ya chikuda yophika ndi tomato, anyezi ndi jinja, ndi masamba obiriwira pambali, ndi ndiwo yabwino kwa mayi amene wataya magazi. Thobwa nalo ndi labwino likakhala la lero kapena la dzulo. Likagonera masiku angapo n'kuyamba kuluma lilime, ndiye kuti likusanduka mowa.

Mavolontiya, poyendera mayi wa khanda m'sabata yoyamba, musangofunsa ngati akudya. Funsani chimene akumwa ndi amene wamupatsa, ndipo pofotokoza apongozi akhalepo, popeza nthawi zambiri chikho chimachokera kwa iwo. Mkaka umachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi usana ndi usiku, atagwira bere bwino, mwakathithi kwa miyezi 6. Ngati mwana sakukodza kokwana kasanu ndi kamodzi pa tsiku atatha sabata, kapena akulephera kuyamwa, mayi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.