NYUMBA YA PA MAGUDUMU: CIFUKWA CACE IGWEDEZEKA IKAIMA

Ku America ndi ku Canada kuli anthu ambiri amene ayenda maulendo atali atakoka nyumba yao pambuyo pa galimoto. Nyumbayo ndi ngolo yaikuru, kutalika kwace mafiti 25 kufikira 40, ndipo m'kati mwace muli kama, mophikira ndi mosambira. Mtundu umodzi wa ngolozi auchula "fifth wheel," ndiko kunena gudumu lacisanu. Dzinali linacokera ku ngolo zakale za akavalo, zimene zinali ndi gudumu lina logona, losagunda pansi, lothandiza magudumu a patsogolo kukhota.

Mutu wa ngolo yotere ukwera pamwamba pa galimoto ya katundu, ndipo msomali wacitsulo wonenepa mainchi 2 ulowa m'mbale yacitsulo yomangidwa pamenepo. Amene anapenyetsetsa malole akuru oyenda mu mseu wa Lusaka kunka ku Chipata anaiona mbale yotere, pakuti mamangidwe ace ndi omwewo. Pambaleyo patsamira ngati gawo limodzi la magawo asanu la kulemera kwa ngolo yonse.

Tsono pofika pogona, mwini amasula galimoto, ndipo kulemera kuja kutsikira pa miyendo iwiri yacitsulo ya kumutu. Apa ndipo payambira bvuto. Munthu mmodzi akayenda m'kati, nyumba yonse igwedezeka. Tiyi atayika, ndi wogona adzidzimuka. Cifukwa cace n'cakuti nyumbayo ikali ciimire pa zinthu zimene anazipanga dala kuti zizinyuka: matayala a mpweya ndi masipuling'i. Zimenezi n'zabwino panjira, koma pogona ziri ngati kumanga nkhokwe pa matiresi. Coopsa koposa ndi ici: mabuleki a ngolo zambiri zotere agwira ndi magetsi ocokera ku galimoto. Galimoto ikacoka, palibe cogwira magudumu, ndipo pamalo otsetsereka ngolo ikhoza kuyenda yokha.

Motero nchito iyamba galimoto isanamasulidwe. Ngati mbali imodzi iri yotsika, akweza magudumu a mbali imeneyo pa matabwa. Atatero aika zipika zosongoka patsogolo ndi pambuyo pa matayala, mbali zonse ziwiri. Pamenepo ndipo atsitsa miyendo ya kumutu, namasula galimoto, nakweza kapena kutsitsa mutu kufikira nyumba yaima molingana. Kulinganiza kumeneku si kwa maso okha ai. Firiji ya gasi igwira nchito monga ija ya parafini: madzi a m'mipope yace atsika okha popanda pampu, ndipo ikapendekeka nthawi yaitali aima, firijiyo nionongeka.

Pa miyendo ndipo alakwa ambiri. Mwendo wacitsulo ukaturutsidwa wonse ukhala ngati bango lalitali, ugwedezeka ndi kanthu kakang'ono. Odziwa aunjika matabwa okhuthala pansi kuti mwendo uturuke pang'ono pokha. Matabwawo aletsanso mwendo kumira m'dothi lofewa. Kumbuyo kuli majeke awiri ocirikiza. Nchito yace ndi kugwira, osati kunyamula. Wina poona nyumba igwedezekabe apotoza jeke mwamphamvu mpaka matayala apepuka, koma mapeto ace jeke apindika, cimango ca ngolo cipotoka, ndipo citseko cikana kutsekeka. Jeke angogunda thabwa lace nalimba, basi.

Kugwedezeka kotsala acepetsa ndi zida zina. Pakati pa matayala awiri oyandikana alowetsa citsulo copingasa cimene cikankha matayala onse awiri kuti asasunthe. Koma cimeneci siciyenera kulowa m'malo mwa zipika zija, ndiponso cifuna kumangitsanso matayala atazizira. Pansi pa msomali wa kumutu ena aimika cocirikiza ca miyendo itatu ngati mafuwa. Koma cothandiza kwambiri, monga tionera ife, ndi zitsulo zomangidwa copendama kucokera ku phazi la mwendo kufika ku cimango ca ngolo. Womanga khola adziwa kuti nsici ziwiri zoima pazokha zipendama, koma mtengo umodzi wopingasa uzilimbitsa. Ngakhale atacita zonsezi, kugwedezeka pang'ono kutsalabe, popeza matayala akali pansi. M'mawa mwace ayang'ananso majeke, makamaka ngati kunagwa mvula.

Ngolo ya ng'ombe ya magudumu awiri iri ndi khalidwe lomweli. Ng'ombe zikali m'goli, mtengo wokokera utsamira pa makosi ao. Zikamasulidwa, palibe cougwira. Ngati matumba acuruka kumbuyo, mtengowo ubudukira m'mwamba ndi kukantha womasula pacibwano. Akacuruka kutsogolo, umgwera pamapazi. Cifukwa cace ikani miyala kapena zipika ku magudumu onse awiri, patsogolo ndi pambuyo, musanamasule ng'ombe. Cirikizani mtengo wokokera ndi mphanda yaifupi yonenepa, ndipo muimike ina kumbuyo kwa ngolo. Potsitsa cimanga, cotsani thumba la kutsogolo, kenaka la kumbuyo, mosinthanitsa, ndipo ana akhale kutali kufikira thumba lotsiriza latsika.