Penate ya ku Bafoussam ndi Pangano la Mbendera

Madzulo a pa 18 Januwale 2022, m'bwalo la Kouekong mumzinda wa Bafoussam ku Cameroon, pamene masewero a Flames ndi Senegal a mumpikisano wa Africa anali kulowera kumapeto popanda mbali imene inali itagwedeza ukonde wa inzake, Gomezgani Chirwa anathamanga ndi mpira nalowa nawo m'bokosi la adani, ndipo Bouna Sarr, amene anali atatsalira pambuyo pake, analimbana naye kufikira mnyamatayo anagwa pansi. Woimbira, Blaise Yuven Ngwa, mbadwa ya dziko lomwelo la Cameroon, analiza wezulo naloza pamalo pothira penate. M'nyumba zoonetsera mpira za m'makwalala a Ndirande, Kawale ndi Chibavi, mmene anthu amakhala mothithikana pamabenchi atalipira kangachepe pakhomo, amuna aakulu ndevu zili pepeya anakumbatirana ndi anyamata osawadziwa, pakuti anaona ngati tsiku lafika limene wamng'ono adzagwetsa chimphona. Koma chisangalalocho chisanakhazikike, woimbira uja anagwira khutu lake namvetsera mawu a anthu osaoneka, najambula m'malere chizindikiro cha kanema, napita m'mbali mwa bwalo kukaonanso zimene maso ake anali ataweruza kale. Pobwerako anakupiza manja kuti penate palibe.

Masewerowo anatha osagoletsana, ndipo goloboyi Charles Thom anachita zamphamvu tsiku limenelo poletsa Sadio Mané ndi anzake. Flames inamaliza ndi mapointi 4, inapitirira monga imodzi mwa matimu achitatu ochita bwino, ndipo kanali koyamba m'mbiri yathu kudutsa ndime ya m'magulu, pakuti mu 1984 ku Côte d'Ivoire ndi mu 2010 ku Angola tinabwerera pakhomo pomwepo, ngakhale kuti ku Angola anyamata a Kinnah Phiri anali atakwapula Algeria 3-0. Komabe wochemerera aliyense wodziwa kuwerengera anaona chimene chinatayika: penate ija ikanalowa, Malawi akanakhala ndi mapointi 6 pamwamba pa gulu lonse, ndipo Senegal, imene pa 6 Febuluwale inakanyamula chikho itagonjetsa Egypt pa mapenate, ikanayenda njira ina.

Mawu amene anamveka usiku umenewo kuchokera ku Nsanje kufikira ku Chitipa anali amodzi okha: atibera. Munthu wosadziwa mtima wa ochemerera angayese kuti kunali kulira kwa wolephera amene afuna pobisalira, koma ine ndiyesa kuti muzu wake ndi wozama koposa wezulo mmodzi. Anthu anakumbukira kuti Senegal yomweyo, m'masewero ake oyamba, inapulumuka kwa Zimbabwe ndi penate imene inaperekedwa nthawi yoonjezera ili pafupi kutha, Mané naimwetsa. Ndipo ngakhale kuti mpira unakhudzadi mkono wa wosewera wa Zimbabwe, funso linatsala m'mitima lakuti, kodi akanakhala Mané amene anagwa m'bokosi la Malawi, woimbira akanapita kukafunsira nzeru ku kanema? Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo anthu a mayiko ang'onoang'ono anaphunzira kalekale kuti matimu a mayina olemera amakhala pamkhate nthawi zonse. Mario Marinica, mphunzitsi wa ku Romania amene anali ndi Flames pamodzi ndi Meck Mwase, anadandaula poyera m'masiku omwewo kuti anyamata ake anali kudzichapira okha zovala ndi kuvutika ndi chakudya kumalo kumene anawagoneka, zinthu zimene akatswiri a mayiko otchuka sakanazilawa. Munthu amene wachepsedwa pa mbale savuta kukhulupirira kuti wachepsedwanso pa bwalo la milandu.

Chipangizo cha kanema chija chotchedwa VAR, chimene m'chaka chimenecho chinagwiritsidwa ntchito koyamba pa masewero onse 52 a mpikisano wa Africa, chinadza ndi lonjezo lakuti mikangano yatha, popeza diso la kamera silidya chiphuphu ndipo silidziwa dzina la munthu. Koma lamulo lake lomwe linena kuti chigamulo cha woimbira chisinthidwe pokhapokha pamene kulakwa kwake kuli koonekeratu, kosafuna mtsutso. Tsono ngati anthu odziwa mpira, ataonerera chithunzi chija kambirimbiri, akali kugawanika kufikira lero, ena nati Sarr anamukoka, ena nati Chirwa anagwa msanga, kuonekeratu kwake kunali pati? Pamenepa ndipo pagona dandaulo loona la ochemerera, ndipo ine ndili nawo pamodzi. Kale woimbira akalakwa tinali kunena kuti sanaone bwino, pakuti ndi munthu, ndipo mtima unali kuphwa pofika m'mawa. Lero amaona kawiri, mpira ukuyenda pang'onopang'ono, atapatsidwa nthawi yosinkhasinkha, kotero kuti akatsutsa chimene anaweruza yekha, wochemerera sapezanso dzina lina loitcha ntchitoyo koma kukondera.

Sindinena kuti oimbira onse ali ndi miyeso iwiri m'thumba. Masiku 6 m'mbuyo mwa nkhani ya ku Bafoussam, mnansi wathu Janny Sikazwe wa ku Zambia anathetsa masewero a Tunisia ndi Mali ku Limbe ya ku Cameroon pa mphindi 85, nawayambitsanso, nawathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Dziko lonse linamuseka, koma pambuyo pake kunamveka kuti kutentha kwa dzuwa kunamusokoneza thupi kufikira anapita naye kuchipatala. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo amene wasankha wezulo adziwa kuti adzatukwanidwa. Komabe thupi lake ndi la mnofu monga lathu.

Ndipo tisanaloze chala ku Cameroon, tiyenera kuyang'ana pabwalo pathu. Mu 2017 oimbira anayi a kuno kwathu analetsedwa ntchitoyi kwa moyo wawo wonse chifukwa cha masewero a chikho cha Carlsberg pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United, ndipo ndalama imene inatchulidwa pa mlanduwo inali yokwana madola 20 okha. Ndaona ndi maso anga, pabwalo lina la m'boma lopanda mpanda, woimbira atazingidwa ndi khamu masewero atatha, wonyamula mbendera mmodzi akuthawira m'chimanga, mkulu wina wa imvi akuchonderera kuti, "Achimwene, musiyeni mwana wa eni akeyu, mpira ndi masewera." Munthu ameneyo anali atadzilipirira yekha ulendo wa minibasi, ndipo malipiro ake anali kuwayembekeza kwa eni timu omwewo amene ochemerera awo anafuna kumuphwanya. Tifuna chilungamo chosagwedezeka kwa munthu amene tamuika m'manja mwa njala ndi mantha. Kuti dziko lino lingathe kubala oimbira olemekezeka, umboni wake ndi Bernadettar Kwimbira, amene ananyamula mbendera pa chikho cha dziko lonse cha amayi mu 2015 ndi mu 2019. Koma ndi angati mwa ife amene timatchula dzina lake monga titchulira la woimbira amene anatilakwira?

Bouna Sarr uja, amene miyendo yake inakolana ndi ya Chirwa, ali ndi mbiri imene itifikitsa ku dandaulo lachiwiri la ochemerera. Iye anabadwira ku Lyon m'dziko la France, atate wake a ku Senegal, amayi ake a ku Guinea, ndipo anavala malaya a Senegal koyamba mu 2021, miyezi yowerengeka mpikisano usanayambe, ali wosewera wa Bayern Munich. Kaputeni wawo, Kalidou Koulibaly, anabadwiranso ku France ndipo anasewerapo m'timu ya achinyamata ya dzikolo. Goloboyi Édouard Mendy chimodzimodzi ndi mwana wobadwira ku France. Achraf Hakimi wa Morocco, amene anatitulutsa mumpikisano ndi fulikiki yake, anabadwira ku Madrid. Anthu ena, pomva zimenezi, amati awa ndi alendo amene akumbukira kwawo pokhapokha pamene Azungu awatsekera khomo, ndipo amawayerekeza ndi Esau amene anapeputsa ukulu wake. Koma bungwe la FIFA mu 2020 linafewetsa lamulo, kulola wosewera kusintha dziko ngati sanapitirire masewero atatu a timu yaikulu asanakwanitse zaka 21, ndipo mayiko anzeru anatumiza akuluakulu awo kukagogoda m'makomo a ana awo obalalika, kukakamba ndi makolo, kukawatsimikizira kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Kuvala malaya a dziko la mu Africa sikuli kopepuka kwa mnyamata wolembedwa ntchito ku Ulaya, pakuti mpikisano wathu, ukachitika mu Januwale, umagwa pakati pa nyengo ya ligi zawo, ndipo amene wachoka mwezi wathunthu angapeze malo ake atatengedwa. Chaka chimenecho makalabu anakakamira kufikira analoledwa kusunga osewera mpaka pa 3 Januwale, kutangotsala masiku 6 kuti mpira uyambe, ndipo Emmanuel Dennis wa Watford sanapite konse ndi Nigeria. Wochemerera amene atukwana mnyamata wotere kuti ndi wosakonda dziko aiwala kuti kumbuyo kwa miyendo iwiriyo kuli banja lonse lodya, ndi kuti zaka za wosewera mpira ndi zowerengeka ngati za duwa la kuthengo.

Ife a Malawi tili ndi mlandu wathuwathu pa nkhani imeneyi, umene sitikonda kuukumbuka. Tamika Mkandawire anabadwira ku Mzuzu mu 1983, nakulira ku England, nasewera monga wotchinga kumbuyo ndi wapakati ku Hereford United, Leyton Orient ndi Millwall, m'ligi zolimba zimene osewera athu ambiri sanazipondepo. Dzina lake ndi la kwathu, mchombo wake unagwera kwathu, koma sanavalepo malaya a Flames, chifukwa malamulo a dziko lino pa nthawiyo sanali kulola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo kuti atisewerere anayenera kutaya unzika wa dziko limene linali kumudyetsa. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo mu Disembala 2018, iye ali ndi zaka 35, miyendo itatha ntchito. Pamene tifunsa ngati ana athu ali okhulupirika ku mbendera, m'pofunika tifunsenso ngati mbenderayo inawatambasulira dzanja, pakuti pangano silimangidwa ndi mbali imodzi.

Koma palibe dzina limene lagawanitsa mitima pa nkhaniyi koposa la Gabadinho Mhango. Mnyamata wa ku Chiweta ameneyu, amene anadzera ku Big Bullets asanapite ku South Africa, anamwetsa zigoli 16 m'ligi ya kumeneko m'nyengo ya 2019/20 nafanana ndi Peter Shalulile pamwamba pa onse. Koma pofika nthawi ya mpikisano wa ku Cameroon anali atafooketsedwa ndi kukhala pabenchi ku Orlando Pirates. Malaya ofiira ndiwo anamuutsa. Anamwetsa zigoli zonse ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1, ndipo pa 25 Januwale ku Yaoundé, masewero ndi Morocco atangotha mphindi 7, analandira mpira kutali chakumanzere, pamalo pamene wosewera wamba amayang'ana mnzake womupatsira, nadzutsa mutu, naona kuti goloboyi Yassine Bounou wasuntha pang'ono kuchoka pamzere wake, naumenya ndi mwendo wamanja. Mpirawo unakwera, nukhota, nutsikira pakona ya golo kumbuyo kwa dzanja la goloboyiyo. Youssef En-Nesyri anabweza chigawo choyamba chisanathe, Hakimi natsiriza ntchito, koma usiku umenewo panalibe Mmalawi amene akanalola kuti wina anene choipa cha Gaba.

Morocco imene tinakumana nayo inalibe Hakim Ziyech, katswiri wa Chelsea, chifukwa mphunzitsi Vahid Halilhodžić anali atamusiya pomunena kuti alibe mwambo, ndipo mu Febuluwale Ziyech analengeza kuti sadzaseweranso timu ya dziko lake. Ochemerera a kumeneko anagawanika, ena nati mnyamatayo ndi wodzikuza, ena nati mkuluyo ndi wouma mtima. Akuluakulu a mpira anachotsa mphunzitsi, Walid Regragui, amene analowa m'malo mwake, namuitananso Ziyech, ndipo chaka chisanathe Morocco inafika m'ndime ya matimu anayi pa chikho cha dziko lonse ku Qatar, dziko loyamba la mu Africa kutero.

Kwathu nkhani yofanana nayo inayenda njira ina. Pa 5 Juni 2022 Gabadinho anamwetsa mapenate awiri pa bwalo la Bingu pogonjetsa Ethiopia 2-1, koma pambuyo pake iye ndi Marinica anasemphana, ndipo pamene inafika nthawi yokumana ndi Egypt mu Malichi 2023 dzina lake silinali pa mndandanda. M'maminibasi ndi pa wailesi mtsutso unali wa moto: ena anati palibe wosewera woposa timu, ndipo amene afuna kutumikira dziko adzichepetse, ena anati simutaya mkondo wanu wakuthwa pamene mkango uli pakhomo. Chimene chinandiwawa ine ndi chakuti mkangano wa anthu awiri, umene akulu a mpira akanaukhalira pansi monga ankhoswe akhalira pansi banja losokonekera, unasiyidwa kuti utukusire kufikira tsiku la nkhondo. Ku Cairo tinagonja 2-0. Pa 28 Malichi, pamaso pa khamu lathu lomwe ku Lilongwe, Mohamed Salah ndi anzake anatimwetsa zigoli zitatu chigawo choyamba chisanathe, nawonjeza chachinayi titangobwerako kopuma, ndipo masiku owerengeka pambuyo pake Marinica sanalinso mphunzitsi wa Flames.