Mcere wobisika m'cakudya cochipa ca ku Korea

M'mizinda ya ku South Korea, monga Seoul ndi Busan, muli tinyumba todyeramo tambiri ta mtengo wotsika. Kumeneko ndi kumene kumadya anthu a pa nchito, ana a sukulu ndi oyendetsa mataksi. Cakudya cofala m'malo amenewa cichedwa baekban. Munthu akalipira, amupatsa mbale ya mpunga, mbale ya msuzi wotentha ndi tindiwo tosiyanasiyana m'timbale ting'onoting'ono. Tindiwo timeneti tichedwa banchan, ndipo tikatha amaonjezera popanda kulipiritsanso.

Pocionera patali, cakudyaci n'cabwino kwambiri ku thupi. Masamba ndi ambiri, mafuta ndi ocepa, ndipo nyama siiculuka. Koma muli cinthu cimodzi cimene wodya ayenera kucenjera naco. Cinthuco ndi mcere.

Ndiwo yosasowa pa tebulo ndi kimchi. Poikonza amathira mcere wambiri ku kabici, kenaka asakaniza ndi tsabola, galiki, jinja ndi tinsomba tosungidwa mu mcere, n'kuisiya masiku angapo kuti isase. Mcerewo ndi umene umateteza kabici kuti asaole m'nyengo yozizira. Msuzi nawonso kawirikawiri amaukonza ndi doenjang, phala la soya losasitsa lomwe lili ndi mcere wambiri. Zakudya zofulumira zochedwa ramyeon n'cimodzimodzi: paketi imodzi ili ndi mcere pafupifupi wokwanira munthu tsiku lonse, ndipo woculuka uli mu msuzi wake. Tsabola ndi kuwawasa zimabisa mcerewo, motero lilime silizindikira.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza bwino. M'caka ca 2010 munthu wa ku South Korea anali kudya pafupifupi magalamu 12 pa tsiku.

Kodi mcere woculuka umacita ciani m'thupi? Umakoka madzi ndi kuwasunga m'mitsempha. Magazi akaculuka, mtima umapopa movutikira ndipo BP imakwera. Munthu angakhale zaka zambiri osamva kupweteka kulikonse, kufikira tsiku limene sitoroko imugwetsa pansi kapena impso zileka kugwira nchito. Mcere umapwetekanso khungu la m'kati mwa cifu. Ngati m'cifumo muli kale kacirombo kochedwa Helicobacter pylori, ngozi ya khansa imakula. Dziko la South Korea lili m'gulu la maiko amene khansa ya m'cifu ndi yofala kwambiri. Kaamba ka ici, munthu aliyense wa zaka 40 kupita m'tsogolo amaitanidwa kukapimidwa m'cifu pakapita zaka ziwiri zilizonse.

M'caka ca 2012 boma la dzikolo linayamba nchito yaikulu yolimbikitsa ophika, mafakitale ndi masukulu kucepetsa mcere. Pofika 2022 munthu anali kudya pafupifupi magalamu 8 pa tsiku. Ngakhale kuti mlingowu unali ukali pamwamba, zinaonetsa kuti lilime limazolowera.

Munthu wolowa m'nyumba yodyeramo ya ci Korea, makamaka wodwala BP, mtima kapena impso, angathe kudziteteza motere. Adye masamba ndi nsomba za mu msuzi koma msuziwo ausiye m'mbale. Kimchi atengeko pang'ono, ndipo asapemphe yoonjezera cabe cifukwa ndi yaulere. Akaitanitsa bibimbap, womwe ndi mpunga wosakaniza ndi masamba ndi dzira, apemphe kuti phala la tsabola lochedwa gochujang alipatule, kuti athire yekha pang'ono. Amene ali pa mankhwala a BP asaleke kumwa, ngakhale akumva bwino.

Nkhaniyi siikhudza a ku Korea okha. Kapenta wa mcere, masoseji, timabuloko tokometsera ndiwo ndiponso cizolowezi cothira mcere ndiwo zisanalawidwe zimacita zofanana m'thupi. Ophika pa nyumba acepetse mcere pang'onopang'ono, ndipo akulu onse a m'banja apite ku kiliniki kukapimitsa BP asanayambe kumva kudwala.