Musanakumbe maziko, yambani mwanunkhiza dothi

Anzanga amene munafikapo kwathu mukudziwa kuti khoma la kuchipinda kwa anyamata lili ndi mng'alu woti dzanja limalowa. Nyumbayo inamangidwa mu 2021 ndi ndalama zimene achimwene anatumiza kuchokera ku Joni. Mvula ya Freddy itagwa mu Malichi 2023, ngodya imodzi inatitimira, chitseko n'kusiya kutsekeka. Ena anati simenti inachepa, ena mwachizolowezi anati pali munthu. Ine ndakhala ndikufunsafunsa, ndipo wolakwa ndamupeza: ndi dothi.

Malo athu ali m'mphepete mwa dambo, pomwe agogo ankalima mpunga, ndipo dothi lake ndi lakuda bii. Mu Agriculture tinaphunzira kuti kudako kumabwera ndi udzu, masamba ndi mizu yowolerana. Kumunda chimenecho ndi chuma, koma pansi pa nyumba ndi tsoka. Zowolerana zija zimapitiriza kuwola n'kumasiya mipata, ndiye khoma likalemera dothilo limaphwa ngati siponji. Pansi pake pali makande, amene amafufuma akamwa madzi m'dzinja n'kuuma ming'alu yokhayokha mu Okutobala. Choncho nyumba imakhala ikukwera ndi kutsika chaka ndi chaka. Njerwa sidziwa kupindika, imangosweka basi. Si ife tokha: nsanja ya ku Pisa ku Italy, imene anayamba kumanga mu 1173, inapendama chifukwa cha dothi lofewa pansi pake.

Kuyeza dothi sikufuna ndalama. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi pamene pakubwera ngodya za nyumba, mutengemo dothi la pamwamba, la pakati ndi la pansi. Linyowetseni, mulinunkhize. Likamveka fungo la manyowa kapena la chivundi, ndiye kuti zowolerana zilimo zambiri.

Njira imene ndimaikonda ndi ya botolo. Thirani dothi mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo looneka mkati, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, mukhutchumule kwambiri, muliike poti lisagwedezeke. Mchenga umakhazikika pansi mphindi imodzi isanathe, dothi losalala limabwera pamwamba pake, la makande limachedwa mpaka mawa, pomwe zowolerana zimayandama. Mukayeza ndi rula mumaona chimene chachuluka. Langa la pamwamba linatuluka ndi madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, tizinyalala tili yandeyande. Mukhozanso kuumba kachitumbuwa ka dothi n'kukayanika padzuwa. Kakachepa n'kung'aluka, amenewo ndi makande.

Dzenje lija musalikwirire msanga. Mukalipeza m'mawa lili ndi madzi mvula isanagwe, madzi apansi ali pafupi. Kuno ku Makanjira nkhaniyi si yocheza, chifukwa tinaona tokha mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba za anthu m'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi.

Tsono kulimbitsa. Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama, poganiza kuti simenti ndi mankhwala a chilichonse. Ayi ndithu. Dothi lowolerana lili ndi asidi amene amasokoneza simenti kuti isagwire bwino, moti mukhoza kuthira matumba awiri likhalabe lofumbutuka. Mankhwala ake enieni ndi khasu, fosholo ndi wilibala. Dothi lakudalo lichoke lonse, lipite kudimba komwe likufunika, mukumbe mpaka mupeze dothi loti piki ikulira. Ngati mwakumba mpaka m'chiuno lakuda silikutha, sunthani nyumbayo, imangidwe kumtunda.

Pamalo mwachotsapo mubwezerepo katondo wosakaniza ndi timiyala kapena mchenga. Musakhuthule zonse kamodzi. Thirani masentimita 15, wazani madzi pang'ono, tsindirani ndi chipika cholemera mpaka phazi lisamasiye chizindikiro, kenako mzere wina. Madzi ake akhale oti mukafumbata dothilo ligwirane koma osatuluka madzi. Kwa makande amene alibe zowolerana, laimu, ngati uja amawotcha ku Balaka, amathandiza kuti asamafufume kwambiri. Simenti imagwirizana ndi dothi la mchenga. Laimu amawotcha khungu ndi maso, ndiye musamugwire ndi manja chabe. Pomaliza maziko akwere kuposa bwalo, pulasitiki ayalidwe pansi pa khoma kutchinga chinyezi, ndipo ngalande izungulire nyumba kuti madzi a padenga asamaime m'mbali.

Mmisiri amene anatimangira anakumba mpaka m'mawondo, n'kuyamba kuyala njerwa pa dothi lakuda lomwelo. Nditawaonetsa bambo botolo langa anaseka, akuti, "Injiniya wa Fomu 2, kodi JCE wakhoza kale?" Iwo akufuna angomata mng'aluwo ndi thumba limodzi la simenti. Koma achimwene ataona chithunzi pa WhatsApp anati sakutumiza ndalama ya chipinda chatsopano mpaka maenje anayi akumbidwe kumtunda, pafupi ndi mtengo wa mango. Awiri ndakumba kale Loweruka, matuza ali m'manjamu. Botolo lija ndabwera nalo, lili pawindo la Fomu 2. Bwerani mudzaone pa buleki, koma chonde musaligwedeze.